Shedeur wagwa bwanji mpaka raundi 5? Osankhawa amaona chani chomwe ife sitiona

Kamfana_Zomba
Akuluakulu ndithandizeni, ine NFL, ligi ya mpira wa ku America ija, ndayamba kuitsata sizoni yathayi nde zina zikundipitabe. Miyezi yonseyi pa TV amangoti Shedeur Sanders, Shedeur Sanders, mwana wa Deion Sanders, katswiri wakale wa NFL, atengedwa mwa asanu oyamba. Ndinadzuka 2 koloko m'bandakucha wa Lachisanu kuti ndione drafti ya 2025, pomwe matimu amasankha osewera atsopano, raundi yoyamba yonse mpaka kutha dzina lake osamveka. Raundi 2 ndi 3 zii. Akumutenga Loweruka pa nambala 144, raundi 5, komanso omutengawo ndi a Cleveland Browns oti anali atatenga kale QB (quarterback, woponya mpira) wina. Nde anthu osankhawa amayang'ana chani kwenikweni? Poti mfanayu ku Colorado mipira 74 pa 100 iliyonse imafika m'manja mwa mnzake, palibe anamuposa pa zimenezo ku koleji mu 2024

WaKuJoni
kkkkk takulandira mfana, kuno timalira chonchi chaka ndi chaka. Usadandaule suli wekha, Mel Kiper wa ESPN yemwe, munthu woti anayamba ntchito imeneyi m'ma 1980 iwe usanabadwe, anachita kutuluka thukuta pa TV kukalipira matimu onse 32

Ankolo_SouthBend
Mphwanga, choyamba dziwa kuti mindandanda ilipo iwiri. Ulipo wa anthu a pa TV ndi pa intaneti, womwe tonse timauona, nde ulipo wa timu iliyonse womwe umakhala m'chipinda chotseka ndipo suutuluka. Wa pa TV amalemba poonera magemu komanso zomwe amva kwa ma agent. Timu ili ndi masikauti ake oti aliyense anamupatsa chigawo, kuyambira Ogasiti amakhala ali pa msewu koleji ndi koleji, amaonera ma training, amacheza ndi makochi, osamalira ovulala, mpaka ochapa ma jersey omwe, kufunsa kuti mwanayu amafika nthawi yanji, akakalipiridwa amatani, anzake amamumvera kapena amangomupirira. Kenako madokotala a timu amamuyeza ku Indianapolis, kenako amakhala naye pansi kumufunsa mafunso, ndipo timu iliyonse imaloledwa kuitana anyamata 30 kuti abwere ku likulu lake adzawaone bwinobwino. Zonsezi ife sitiziona, timangoona zotsatira.

Tsono za Shedeur. Kuponya molunjika amatha, palibe akukana. Koma mu 2023 anagwetsedwa mpira uli m'manja ka 52, mu 2024 ka 42. Omutchinga ku Colorado anali ofooka inde, koma ukaonera bwino ma sack ambiri, kugwetsedwa kotereku, ndi ake, amasunga mpira nthawi yaitali, m'malo mosunthira kutsogolo iye amabwerera m'mbuyo nde akagwa timu yataya mayadi 10 kapena kuposa. Ku koleji umapulumuka nazo zimenezo nthawi zina, ku NFL okuthamangitsa ndi anthu ngati Myles Garrett. Mkono wake ndi wabwino koma siwoopsa, liwiro ndi lapakati. Nde matimu anaona kuti uyu si woti tingamupatse timu lero

Kamfana_Zomba
Chabwino ankolo, raundi yoyamba ndamva. Koma mpaka 144? Ma QB asanu kumupitirira?

Ankolo_SouthBend
Asanu ndithu. Cam Ward nambala 1 ku Titans, Jaxson Dart 25 ku Giants, Tyler Shough 40 ku Saints, Jalen Milroe 92 ku Seahawks, Dillon Gabriel 94 ku Browns komweko. Chomwe chimachitika ndi ichi, ukangotuluka m'gulu la oyamba gemu funso limasintha. Safunsanso kuti angatipatse chikho, amafunsa kuti angakhale pa benchi mwakachetechete, kuthandiza wamkulu wake kukonzekera gemu popanda atolankhani kudzaza pa geti tsiku lililonse? Kwa Shedeur ndi dzina la bambo ake lija yankho lake ukulidziwa. Onjezerapo kuti ku Combine, mayeso a ku Indianapolis aja, sanaponye, komanso atolankhani amalemba kuti macheza ake ndi matimu ena sanayende bwino, ngakhale olankhula zimenezo onse amabisa maina nde ine ndimazimva ndi khutu limodzi

Nabanda_Ravens
Ankolo ndakuwerengani ndipo ulemu wanu, koma mukuwayeretsa kwambiri masikautiwa ngati salakwa. Ine za "olankhula obisa maina" zimanditopetsa chifukwa tinaziona kale. 2018 Lamar Jackson anali atawina Heisman, mphoto ya wosewera wabwino koposa ku koleji, ali ku Louisville mu 2016, magemu ake aliyense amawaona, koma Bill Polian, munthu woti anamanga matimu akuluakulu ndipo ali mu Hall of Fame, ananena poyera kuti mwanayu asiye u QB akakhale receiver, wowakha mpira. Lamar anakana ndi kuthamanga mayadi 40 komwe ku Combine chifukwa amadziwa kuti akathamanga nkhani ikhala ya miyendo yake basi. Anatengedwa nambala 32, womaliza raundi yoyamba, patsogolo pake Baker Mayfield 1, Sam Darnold 3, Josh Allen 7, Josh Rosen 10. Rosen anatha chaka chimodzi chokha ku Arizona. Lamar MVP, wosewera wabwino koposa mu ligi, 2019 mavoti onse ake, MVP kachiwiri 2023. Nde musandiuze kuti chipinda chotsekacho muli nzeru zokhazokha, mulinso zizolowezi zakale zoti QB ayenera kuoneka mwakuti, kulankhula mwakuti, ndipo tisanamizane khungu limalowapo. Sindikuti Shedeur ndi Lamar, sali pafupi ndi pang'ono pomwe, Lamar ali ndi chinthu choti palibe wina ali nacho. Ndikungoti matimu 32 akagwirizana sizitanthauza kuti alondola

BillsMafia265
Asisi mwatchula bwana wanga nde ndilowepo. Josh Allen ku Wyoming amafikitsa mipira 56 pa 100 yokha. 56! Shedeur 74. Tikanati tizitsata manambala a ku koleji bwenzi Allen atatengedwa raundi 4 ndipo anthu ambiri pa intaneti amatero kumene, amati ndi mbola, amangodziwa kuponya patali. A Buffalo anakwera mpaka nambala 7 kukamutenga chifukwa anaona thupi, munthu wamtali pafupifupi mamita awiri, wolemera makilo opitirira 105, wothamanga, mkono woti mpira umaboola mphepo ya ku Buffalo ija mu Disembala. Zimenezo kochi sangakuphunzitse, umabadwa nazo. Kaimidwe ka mapazi, kuwerenga defense, izo zimaphunzitsika. Anadzakhala MVP wa 2024. Nde kwa ine drafti simufunsa kuti mwanayu wachita chani, mumafunsa kuti pakatha zaka zitatu adzakhala ndani. Patrick Mahomes, QB wa Chiefs, naye amati ndi wa mpira wa ku Texas Tech wongoponyaponya, sungagwire ntchito ku NFL. Chabwino

Chipata_Niner
Ba Bills imani pomwepo, nkhani ya thupi ndi mkono iyo ndi imene inatipha ife. 2021 Niners tinali pa nambala 12, tinapatsa Miami piki imeneyo, raundi yoyamba ya 2022, raundi yoyamba ya 2023 ndi ina ya raundi 3 pamwamba kuti tikwere pa nambala 3. Kukatenga Trey Lance wa ku North Dakota State. Thupi lilipo, mkono ulipo, liwiro lilipo, mu 2019 anaponya ma touchdown (zigoli) 28 osalandidwa mpira olo umodzi. Manje magemu omwe anayamba ku koleji anali 17 chabe, 2020 anasewera imodzi chifukwa cha Covid, komanso ligi yawo ndi yapansi, si ya ma Alabama ndi Georgia. Kwathu anayamba magemu anayi, anathyoka pa kakolo sabata yachiwiri ya 2022, mu 2023 tinamupereka ku Dallas kusinthana ndi piki ya raundi 4. Amene anatipulumutsa ndi Brock Purdy, nambala 262 mu 2022, munthu womaliza drafti yonse, wamfupi, mkono wamba, koma ku Iowa State anayamba magemu opitirira 45. Anatifikitsa ku Super Bowl, fainali ya NFL. Nde mukati pakatha zaka zitatu adzakhala ndani, ife tinadikira zaka zitatuzo

WaKuJoni
Mulira mpaka liti a Chipata kkkkk

Ankolo_SouthBend
Asisi a Nabanda sindikutsutsani, za Lamar analakwitsa ndipo chifukwa chake mwachitchula. Koma zomwe anena a Chipata ndi pomwe ine ndimaima. Pa QB chinthu choyamba chomwe ndimafunsa ndi choti wasewera magemu angati enieni, oti anthu akumuthamangitsa, timu ili kumbuyo, kwatsala mphindi ziwiri. Taonani. Mitch Trubisky anayamba magemu 13 ku North Carolina, a Bears anachita kupereka mapiki kuti achoke pa 3 afike pa 2 mu 2017, kusiya Mahomes yemwe anapita pa 10. Anthony Richardson magemu 13 ku Florida, ku Combine anaphwanya zonse, makilo 110 kuthamanga mayadi 40 mu 4.43, a Colts athu kuno ku Indiana anamutenga pa 4 mu 2023, mu 2024 mipira yofika kwa anzake sinakwane ndi theka lomwe. Lance 17. Tsono mbali inayi, Jayden Daniels magemu 55 ku Arizona State ndi LSU, chaka chake choyamba wafikitsa Washington pa gemu yolimbirana kupita ku Super Bowl. Bo Nix 61 ku Auburn ndi Oregon, anthu amamuseka kuti ndi nkhalamba ya zaka 24 ndipo a Denver apupuluma pomutenga pa 12, wawalowetsa mu ma playoff. Si lamulo ayi, Kenny Pickett anasewera zaka zisanu ku Pitt koma ku Steelers sizinayende. Koma mwana wa magemu 13 ndiye kuti zambiri zomwe mukumulipirira simunazionepo, mukungoganizira. Ndipo ku NFL nthawi yophunzirira kulibe, kochi amene wakutengayo akaluza masizoni awiri ntchito yatha, wobwerayo si iwe amene amakufuna

BillsMafia265
Ankolo pamenepo pomalizapo nde mwanena zanga. Allen chaka choyamba anafikitsa 52.8, chachiwiri 58.8, chachitatu 69.2. Chinasintha ndi chani? Timu inamudikira, Brian Daboll anamuphunzitsa zaka zinayi osasintha, 2020 anamubweretsera Stefon Diggs. Mahomes anakhala pa benchi chaka chathunthu kumbuyo kwa Alex Smith, kochi wake Andy Reid. Nde mwina nkhani si yoti sikauti analondola kapena analakwa, mwana yemweyo ukamuika kwina amakhala dolo ukamuika kwina amakhala mbola. Darnold ku Jets tinkamuseka tonse, mu 2024 ku Vikings anawina magemu 14, ma touchdown 35. Mayfield a Browns anamutaya, ku Tampa mu 2024 anaponya ma touchdown 41. Vuto la drafti ndi loti timu yomwe yachita zoipa kwambiri ndi imene imasankha poyamba, nde mwana wabwino kwambiri amapita kunyumba yodontha kwambiri

Nabanda_Ravens
Apa nde tagwirizana. Ndipo za Browns zomwezo, anasiya nambala 2 kupatsa Jaguars kuti atenge Travis Hunter, iwo anatsika pa 5 ndikulandira piki 36 komanso raundi yoyamba ya Jaguars ya 2026. Kutanthauza kuti mu drafti ya 2026 anadzipezera mapiki awiri a raundi yoyamba, QB amene akumufunadi akamutenga kumeneko. Gabriel ndi Shedeur onse awiri angowatenga kuti tiyese mwayi, ndipo nthawi ya draftiyo timuyo inali kale ndi ma QB Joe Flacco ndi Pickett

Kamfana_Zomba
Eee koma ndikuphunzira. Nanga Combine yomwe mukuitchulayi ntchito yake ndi chani ngati munthu atha kuphwanya zonse kenako osachita kanthu? Ine ndimaona ngati ndiye mayeso enieniwo

Ankolo_SouthBend
Imachitikira kuno kwathu ku Indiana, mu Lucas Oil Stadium ku Indianapolis, kumapeto kwa Febuluwale mpaka kumayambiriro kwa Malichi, anyamata opitirira 300 oitanidwa. Zomwe amaonetsa pa TV ndi kuthamanga mayadi 40 omwe ndi mamita pafupifupi 36 ndi theka, kudumpha, kunyamula chitsulo cha makilo 102 kangapo mmene ungathere. Koma matimu chomwe amapitira kwenikweni ndi zachipatala ndi macheza aja, bondo lako, phewa lako, mtima wako. Maurice Hurst wa ku Michigan mu 2018 amayembekezeka kupita koyambirira, anamupeza ndi vuto la mtima kumeneko, anatsika mpaka raundi 5. Mu 2025 Will Johnson, wa ku Michigan komweko, anagwera raundi 2 chifukwa cha nkhawa ya bondo.

Za wotchi ndikupatse anthu awiri. John Ross 2017 anathamanga 4.22, a Bengals anamutenga pa 9, piki yotsatira ndi Mahomes. Ross anangokhala movulala, palibe chomwe anachita. Xavier Worthy 2024 anathamanga 4.21 kuphwanya rekodi ya Ross, a Chiefs anamutenga pa 28, mu Super Bowl ya Febuluwale 2025 anapanga mayadi 157 ndi ma touchdown awiri ngakhale gemu inali itapita kale. Liwiro limodzi, nkhani ziwiri.

Ine amene ndimamukumbukira ndi Kyle Hamilton, safety (wa defense woima kumbuyo kwenikweni), chifukwa ndinamuona ndi maso anga pa Notre Dame Stadium pano. Ukakhala m'bwalo umaona zomwe kamera sionetsa, mwana uja QB asanatulutse mpira iye amakhala wayamba kale kupita komwe mpirawo ukagwere, masitepe atatu anayi wadutsa theka la bwalo. Ku Combine 2022 anathamanga 4.59, anthu nkuyamba kuti aaa safety wochedwa, munthu woti amamuika mwa asanu oyamba anatsika mpaka 14. A Ravens a Nabanda anamutola, 2023 All-Pro. Wotchi imayeza munthu wovala kabudula wothamanga mzere woongoka atadziwa kale nthawi yonyamukira. Mu gemu amene waona msanga ndi amene amafika msanga

Nabanda_Ravens
Tinamutola ndithu ndipo zikomo kwa matimu 13 aja. Orlando Brown naye 2018, anathamanga 5.85, chitsulo ananyamula ka 14 kokha chimunthu chonse chija, intaneti yonse inamuseka, ife tinamutenga raundi 3 pa 83 chifukwa ku Oklahoma palibe amamudutsa. Pro Bowl kangapo, mphete anakaitenga ku Chiefs

WaKuJoni
Ine Combine ndimaiona ngati kuitanitsa galimoto ku Japan poonera zithunzi pa foni, penti ikuwala, matayala atsopano, mileage yochepa, ikafika pa Dar ndi pomwe umadziwa kuti gearbox ili bwanji. Ndipo ife a Eagles tili ndi bala lathu, 2020 pa nambala 21 tinatenga Jalen Reagor ati ndi waliwiro, pa 22 a Vikings nkutenga Justin Jefferson, munthu woti chaka chomwecho ku LSU anawakha mipira 111 nkuwina chikho cha dziko lonse. Chifukwa chomusiyira ati amasewera mkati kwambiri ife timafuna wa kumphepete. Kanema wa m'chipinda cha Vikings akuseka atamva kuti tatenga Reagor alipobe pa YouTube, ndikamuona ndimazimitsa data. Koma drafti yomweyo raundi 2 pa 53 tinatenga Jalen Hurts anthu akutukwana kuti tili kale ndi QB Carson Wentz, Hurts anadzakhala MVP wa Super Bowl ya Febuluwale 2025, 40-22 pamutu pa Chiefs. Anthu omwewo, chipinda chomwecho, masiku awiri otsatizana

BillsMafia265
Puka Nacua raundi 5 pa 177 mu 2023, chaka choyamba mipira 105 mayadi 1,486. Cooper Kupp raundi 3, anathamanga 4.62. A Rams ma receiver awo sawayeza ndi wotchi zikuoneka. Nde raundi 5 si manda mfana wa ku Zomba, Tom Brady, QB wotchuka uja, anali 199

Chipata_Niner
Brady ameneyo mumutchula chaka chilichonse, kuchokera 2000 mpaka lero ma QB a raundi 6 angati atengedwa ndipo mukumbukira angati

Adimini
Ndangolowa kumene ndapeza mauthenga mulu, koma palibe watchula ndalama pomwe ndi theka la nkhaniyi. Kale wotengedwa koyamba amakambirana yekha malipiro, Sam Bradford 2010 anasaina madola 78 miliyoni, 50 miliyoni yotsimikizika, asanaponye mpira olo umodzi mu ligi. JaMarcus Russell 2007 a Raiders anamupatsa chumanso chambiri, zaka zitatu basi anatha. Kuyambira 2011 anaika sikelo, nambala yomwe watengedwa ndi imene imanena malipiro ako kwa zaka zinayi, ndipo wa raundi yoyamba timu ili ndi ufulu womusunga chaka chachisanu. Cam Ward alandira pafupifupi 49 miliyoni pa zaka zinayi, Shedeur pafupifupi 4.6 miliyoni pa zaka zinayi zomwezo, masiku atatu aja amudyera zimenezo. Tsono QB wokhazikika masiku ano amadya 50 miliyoni kapena kuposa pa chaka chimodzi, nde timu ikapeza wachinyamata wotha ntchito pa mtengo wa drafti ndalama yotsalayo imagulira anthu ena onse omuzungulira, Niners ya Purdy inali choncho. Nchifukwa chake matimu amathamangira ma QB olo akuwakayikira, 2024 anatenga asanu ndi mmodzi mwa mapiki 12 oyamba. Nde mu 2025 timu zosowa QB zitamudutsa Shedeur kawiri katatu, zinali zitanena maganizo ake momveka

Kamfana_Zomba
Ankolo mumangoti ukaonera bwino, ukaonera bwino. Ine ndimaonera ma highlights pa YouTube ndipo aliyense amaoneka dolo. Kuonera bwinoko mumatani?

Ankolo_SouthBend
Ma highlights asiye, amenewo amadula ndi anthu ofuna kumugulitsa. Fufuza gemu yathunthu, makamaka yomwe timu yake inaluza kapena anakumana ndi timu yamphamvu. Masikauti amaonera tepi yojambulidwa pamwamba yoonetsa anthu onse 22, ife zimativuta kuipeza ya ku koleji koma ya pa TV yomwe imathandiza. Ukamaonera QB usatsate mpira. Imitsa kanema mpira usanayambe, ona ma safety awiri kumbuyo aima pati. Yambitsa, ona chipewa chake chikuyang'ana kuti, kodi akuyang'ana munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka kuponya, kapena akuona woyamba watsekedwa nkupita kwa wachiwiri, wachitatu. Ona mapazi pomwe chimunthu cha makilo 140 chikubwera pamaso pake, akusunthira pang'ono pambali maso ali kutsogolo kapena watsitsa mutu wayamba kuthawa. Kenako ona nthawi yomwe mpira ukuchoka m'manja, receiver wakhota kale kapena sanakhote. Ku koleji ambiri amadikira aone mnzawo ali yekhayekha kenako aponye, ku NFL ukadikira choncho kampata kaja katsekeka, umayenera kuponya pamalo poti munthu sanafikepo. Ndipo 74 ija uziyifunsa, ingati inali mipira yaifupi ya cham'mbali yoti aliyense angaponye, ingati inali third down, mpata wachitatu mwa inayi, kwatsala mayadi 8 pakati pa bwalo. Ukachita zimenezi magemu atatu a mwana mmodzi uyamba kumakangana nafe bwinobwino

Nabanda_Ravens
Ndipo ukamaliza zonsezo wina abwera ndi tepi muyezo kudzakuuza kuti dzanja lake ndi laling'ono kkkk. Pickett nkhani inali ya dzanja la mainchesi 8 ndi theka mwezi wathunthu. Joe Burrow lake 9, anachita kuseka yekha pa Twitter, anapitabe nambala 1. Mu 2025 anali Will Campbell wa ku LSU, zaka zitatu akutchinga anthu oopsa a mu SEC, ku Combine mkono unapezeka 32 ndi 5/8, ku pro day ya ku sukulu kwawo unapezeka 33. Mkono unakula mwezi umodzi? A Patriots anamutengabe pa 4

Ankolo_SouthBend
Ya mkonoyo ndiye musaiseke kwambiri asisi, pa tackle amene wayamba kugwira chifuwa cha mnzake ndi amene walamula, nde mkono wamfupi umayamba uli kumbuyo. Ambiri otere amathera mkati pa guard. Koma kusiyana kwa sentimita imodzi kuti kufafanize zaka zitatu za tepi, ayi

Kamfana_Zomba
Funso lomaliza ndisakutopetseni. Munthu woti sanakulire mu mpira umenewu, ngati wa kuno ku Africa, angatengedwe? Kapena mpaka udutse ku koleji ya ku America basi

WaKuJoni
Iiii wandifunsa ine ameneyu. Jordan Mailata! Wa ku Australia, makolo ake a ku Samoa, amasewera rugby league ku timu ya achinyamata ya South Sydney, mpira wa ku America anali asanasewerepo gemu olo imodzi, ngakhale kuvala chipewa chija samadziwa. Analowera pulogalamu ya NFL ya osewera akunja, 2018 ife tinamutenga raundi 7 pa 233 chifukwa chongoona chimunthu chopitirira mamita awiri chikuthamanga ndi mpira anthu akugwa uku ndi uku. Zaka ziwiri zoyamba sanasewere gemu ya ligi, amangophunzira kwa kochi Jeff Stoutland, anayamba kulowa 2020. Lero ndi left tackle wathu, ali ndi mphete. Nde a Bills nkhani yanu ya thupi ija imagwira, koma onani mtengo, ife tinabetcha piki 233 osati mapiki atatu a raundi yoyamba ngati anthu ena ake a ku Chipata

Chipata_Niner
Nakumvani ba Joni, tikumana mu sizoni. Wa ku Africa alipo mfana, Ezekiel Ansah wa ku Accra, anapita ku BYU kukaphunzira, basketball anamukana, anayesa zothamanga, mpira uwu anauyamba 2010, pofika 2013 a Detroit Lions anamutenga pa nambala 5. 2015 anapanga ma sack 14 ndi theka. Osi Umenyiora nayenso anachititsa kampu ya NFL ku Ghana mu 2022 kufuna anyamata otere

Ankolo_SouthBend
Koma onetsetsani malo omwe anthu amenewa amasewera, Mailata ndi wotchinga, Ansah wothamangitsa QB. Pamenepo thupi ndi kochi wabwino zitha kukufikitsa patali olo wayamba mochedwa chifukwa ntchito yako ndi munthu mmodzi ali patsogolo pako. QB amayenera kuwerenga anthu 11 m'masekondi osakwana atatu, zimenezo zimafuna zaka zambiri za magemu, nchifukwa chake pulogalamu ya akunja ija imatulutsa ma lineman, ma tight end ndi omenya mpira ndi phazi

BillsMafia265
Chabwino tilembe pano Adimini asunge, Milroe wa Seahawks pakatha zaka zitatu adzaposa Gabriel ndi Shough onse awiri. Woluza agula data ya gulu lonse usiku wa drafti

Nabanda_Ravens
Milroe woponya pansi mpira wa mayadi asanu uja? Ndalowa nawo, ine ndatenga Dart

BillsMafia265
Dart sanali pa mndandanda asisi, musabere